Virginia Apgar

Virginia Apgar (7 Juni 1909 – 7 Ogasiti 1974) anali dokotala wa ku United States, katswiri wa mankhwala ogonetsa ndi oletsa ululu pa nthawi ya opaleshoni ndi ya kubereka. Amadziwika kwambiri chifukwa cha njira yoonera thanzi la mwana wongobadwa kumene imene anaikonza mu 1952, yomwe m'zipatala imatchedwa Apgar score. Njirayi imathandiza mzamba, namwino kapena dokotala kudziwa msanga ngati khanda lili bwino kapena likufunika thandizo nthawi yomweyo, ndipo mpaka lero ikugwiritsidwa ntchito m'zipinda zoberekera pafupifupi m'mayiko onse. Apgar analinso mkazi woyamba kukhala pulofesa wamkulu pasukulu ya madokotala ya Columbia University, ndipo zaka 15 zomalizira za moyo wake anazithera pa ntchito yolimbana ndi zilema zimene ana amabadwa nazo.

Ubwana ndi maphunziro

Apgar anabadwira m'tauni ya Westfield, m'chigawo cha New Jersey. Anali chitsirizira m'banja la ana atatu la Charles Emory Apgar ndi Helen May Apgar. Bambo ake ankagwira ntchito pakampani ya inshuwalansi, koma ankakonda kwambiri za sayansi: ankaonera nyenyezi komanso kupanga okha zipangizo za wailesi kunyumba. Mchimwene wake wamkulu anamwalira akadali wamng'ono ndi chifuwa chachikulu, ndipo winayo ankadwaladwala, choncho madokotala sankasowa pakhomopo.

Anamaliza sekondale mu 1925 n'kupita ku Mount Holyoke College, koleji ya akazi okhaokha ku Massachusetts, kumene anaphunzira sayansi ya zinyama. Atamaliza mu 1929 analowa sukulu ya madokotala ya Columbia mumzinda wa New York, chaka chomwecho chimene chuma cha America chinagwa. Akazi m'kalasi mwake anali ochepa kwambiri. Anatuluka mu 1933 ali pa nambala 4 m'kalasi monse, koma ali ndi ngongole yaikulu ya sukulu.

Kusiya ntchito ya opaleshoni

Cholinga chake chinali kukhala dokotala wochita opaleshoni, ndipo anayambadi maphunzirowo pachipatala cha Presbyterian. Mkulu wa dipatimentiyo, Allen Whipple, anamulangiza kuti asinthe maganizo. Whipple anali ataona akazi ena amene anawaphunzitsa akulephera kupeza odwala, chifukwa anthu nthawi imeneyo sankafuna kung'ambidwa ndi dokotala wamkazi. Ankaonanso kuti ntchito ya opaleshoni singapite patsogolo ngati njira zogonetsera odwala sizikusintha. Malangizowa anali ndi tsankho mkati mwake, komabe ndi amene anamulozera ku ntchito imene inamutchukitsa.

Masiku amenewo ntchito yogonetsa odwala inali m'manja mwa anamwino, ndipo Apgar anayamba kuphunzira kwa anamwino omwewo. Mu 1937 anapita ku University of Wisconsin kukaphunzira miyezi 6 kwa Ralph Waters, amene anayambitsa dipatimenti yoyamba yophunzitsa ntchitoyi payunivesite m'dzikomo, kenako miyezi ina 6 kwa Emery Rovenstine pachipatala cha Bellevue ku New York. Mu 1938 anabwerera ku Columbia monga mkulu wa gawo latsopano loona za kugonetsa odwala. Kwa zaka zingapo zinali zovuta kupeza madokotala ofuna kulowa ntchitoyi: malipiro anali ochepa, ndipo ochita opaleshoni sankawaona ngati anzawo. Zinthu zinayamba kusintha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mu 1949 gawolo linasanduka dipatimenti yoima payokha, koma udindo woitsogolera unapatsidwa kwa Emanuel Papper, osati kwa Apgar amene analilera kwa zaka 11. Chaka chomwecho iye anakwezedwa kukhala pulofesa wamkulu, ndipo anatembenukira ku ntchito yothandiza amayi pobereka pachipatala cha Sloane Hospital for Women.

Mmene zinthu zinalili m'chipinda choberekera

Pakati pa 1930 ndi 1950 imfa za ana osakwana chaka zinachepa kwambiri ku America, koma imfa za ana m'maola 24 oyambirira sizinkatsika kwenikweni. Amayi ambiri anali atayamba kuberekera kuchipatala, ndipo ambiri ankapatsidwa mankhwala amphamvu oletsa ululu kapena kugonetsedwa kumene. Mankhwalawo ankadutsa m'magazi a mayi n'kufika kwa mwana, moti ana ena ankabadwa ofooka ndi ochedwa kupuma.

Mwana akangotuluka, maso a onse ankabwerera kwa mayi. Dokotala wobereketsa ankatanganidwa ndi nsengwa, kusoka ndi kuletsa magazi, wogonetsa anali kumutu kwa mayi, ndipo dokotala wa ana nthawi zambiri sankakhalamo m'chipindamo. Panalibe munthu amene udindo wake weniweni unali khandalo m'mphindi zoyambazo. Panalibenso njira imodzi yogwirizana yonenera kuti mwana ali bwanji. Ena ankawerenga nthawi imene yadutsa mwana asanapume koyamba, ena nthawi imene yadutsa asanalire, koma mwana angathe kukoka mpweya kamodzi kenako n'kusiya, ndipo chiwerengerocho chinkanamiza. Ana ena obadwa aang'ono kwambiri, abuluu ndi osapuma ankangoikidwa pambali poganiza kuti sangakhale ndi moyo, pamene ena mwa iwo ankangofunika kuwatsegulira njira ya mpweya ndi kuwathandiza kupuma.

Apgar, chifukwa cha ntchito yake, anali munthu wozolowera kuyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima mphindi iliyonse. Anayamba kuyang'ana khanda monga wodwala wachiwiri m'chipindamo.

Muyezo wa Apgar

Pali nkhani imene imakambidwa kawirikawiri yakuti tsiku lina m'chipinda chodyera chapachipatala wophunzira wina anamufunsa mmene munthu angaonere thanzi la mwana wongobadwa, ndipo Apgar analemba zizindikiro zisanu pakapepala pomwepo. Zitatero anayamba kuziyesa pa ana obadwira ku Sloane. Anafotokoza njirayi pamsonkhano wa akatswiri ogonetsa odwala mu 1952, ndipo inasindikizidwa mu 1953 m'magazini ya Current Researches in Anesthesia and Analgesia pamutu wakuti A Proposal for a New Method of Evaluation of the Newborn Infant. Lipotilo linafotokoza za ana 1,021.

Zizindikirozo ndi kugunda kwa mtima, kupuma, mphamvu za minofu, mmene mwana akuchitira akakhudzidwa, ndi maonekedwe a khungu. Chilichonse chimapatsidwa malikisi 0, 1 kapena 2, ndipo onse pamodzi sapitirira 10.

Pa mtima, ngati sukumveka kugunda mwana amapeza 0, ukamagunda kosakwana ka 100 pamphindi amapeza 1, ndipo ukapitirira ka 100 amapeza 2. Apgar ankaona kuti ichi ndicho chizindikiro chofunika kuposa zonse. Kugundako kumamveka ndi chipangizo chomvetsera pachifuwa, kapena pogwira patsinde pa mchombo ndi zala. Pa kupuma, mwana wosapuma amapeza 0, wopuma pang'onopang'ono ndi modukizadukiza 1, ndipo wolira mwamphamvu 2. Pa minofu, khanda lolobodoka lomwe manja ndi miyendo zili lende limapeza 0, lopinda pang'ono manja ndi miyendo 1, ndipo lophiriphitha 2. Chizindikiro chachinayi chimaonedwa pomukhudza mwana kuphazi kapena pamene kapaipi kochotsera mamina kakulowa m'mphuno: wosachita kanthu amapeza 0, wongokwinya nkhope 1, woyetsemula, kutsokomola kapena kulira 2. Pa khungu, thupi lonse lotumbuluka kapena labuluu ndi 0, thupi lapinki koma manja ndi mapazi abuluu ndi 1, ndipo lapinki ponseponse ndi 2.

Apgar mwiniwake ankanena kuti khungu ndi chizindikiro chosadalirika kwambiri pa zonse zisanu. Ana ambiri athanzi amakhalabe ndi manja ndi mapazi abuluu kwa kanthawi atabadwa, n'chifukwa chake n'kovuta kupeza mwana wa malikisi 10 pa mphindi yoyamba, ndipo kholo lisadandaule likamva kuti mwana wake wapeza 8 kapena 9.

Nthawi imene anasankha inali masekondi 60 mwana atatuluka thupi lonse, chifukwa anaona kuti pamenepo ndi pamene mwana wofooka amaonekera bwino kuti wafooka. Pambuyo pake anthu anayamba kubwerezanso kuyezako pa mphindi 5 kuti aone ngati mwana akusintha ndi thandizo limene wapatsidwa. Masiku ano malikisi 7 mpaka 10 amatengedwa kuti mwana ali bwino, 4 mpaka 6 kuti ali ndi vuto lofunika kuliyang'anira ndi kulithandiza, ndipo 0 mpaka 3 kuti ali pangozi yaikulu. Ngati pa mphindi 5 malikisi akadali osafika 7, kuyezako kumabwerezedwa mphindi 5 zilizonse mpaka mphindi 20.

Palibe chizindikiro chimene chinali chachilendo kwa azamba ndi madokotala. Chatsopano chinali chakuti munthu ankakakamizika kuyang'ana zonse zisanu, pa nthawi yoikika, pa mwana aliyense, n'kulemba nambala. Kuti alembe nambalayo ankayenera kuima pafupi ndi khanda ndi kuligwira, ndipo munthu amene wagwira mchombo n'kumva mtima ukugunda pang'onopang'ono sangalisiye khandalo pambali. Njirayi sinkafuna makina kapena ndalama, ndipo namwino wongoyamba kumene ntchito ankatha kuiphunzira tsiku limodzi.

Apgar ankalimbikiranso kuti amene wabereketsa asakhale amene akupereka malikisi. Anaona kuti wobereketsa amakonda kupereka malikisi okwera, chifukwa mwachibadwa amafuna kuti ntchito yake ioneke kuti yayenda bwino. Ankafuna kuti ntchitoyi ichitidwe ndi munthu wina woimirira pambali, ndipo m'zipatala zambiri inagwera kwa anamwino.

Ambiri amaganiza kuti dzina lakuti Apgar ndi chidule cha mawu asanu a Chingelezi. Zoona zake n'zakuti ndi dzina la munthu. Mu 1962 dokotala wa ana wa ku Denver, Joseph Butterfield, ndi amene anafalitsa njira yokumbukirira zizindikirozo pogwiritsa ntchito zilembo za dzinalo: Appearance, Pulse, Grimace, Activity ndi Respiration, kutanthauza maonekedwe, kugunda kwa mtima, kukwinya nkhope, kugwedezeka kwa thupi ndi kupuma.

Zimene muyezowo unaulula

Pamene mwana aliyense anayamba kukhala ndi nambala, zinakhala zotheka kuyerekezera njira zosiyanasiyana zothandizira amayi. Lipoti la 1953 linasonyeza kale kuti ana a malikisi otsikitsitsa ankamwalira ambiri kuposa anzawo, ndiponso kuti pa amayi obereka kudzera pa opaleshoni, ana a amayi amene anabayidwa jekeseni ya pamsana ankapeza malikisi okwera kuposa a amayi amene anagonetsedwa thupi lonse.

Apgar anagwira ntchito limodzi ndi L. Stanley James, dokotala wa ana wochokera ku New Zealand, ndi Duncan Holaday, katswiri wogonetsa odwala amene ankadziwa kuyeza mpweya ndi asidi m'magazi. Iwo anasonyeza kuti ana a malikisi otsika ankakhala ndi okosijeni wochepa ndi asidi wambiri m'magazi, ndipo kuti vuto limeneli liyenera kuthandizidwa mwamsanga, osati kuonedwa ngati chibadwa cha mwana aliyense. Anapezanso kuti mpweya wogonetsera wotchedwa cyclopropane, umene unkagwiritsidwa ntchito kwambiri pa amayi obereka ndipo Apgar mwiniwake ankaukonda, unkafooketsa makanda. Zotsatirazi zitatuluka, madokotala anayamba kuusiya m'zipinda zoberekera. Lipoti lachiwiri, la ana 15,348, linatuluka mu 1958 m'magazini ya American Medical Association. Kafukufuku wina wamkulu wa m'zipatala 12 za ku America, wokhudza ana oposa 17,000, anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 kuti malikisi a pa mphindi 5 amalosera bwino kuposa a pa mphindi yoyamba ngati mwana adzapyole mwezi woyamba ali moyo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Apgar anali atakhalapo pa kubadwa kwa ana oposa 17,000.

Malire a muyezowu

Kutchuka kwa muyezowu kunabweretsanso kuugwiritsa ntchito molakwika. Ena anayamba kuutenga ngati wolosera nzeru za mwana kapena ngati umboni wakuti ubongo wake unawonongeka pobadwa. Mabungwe a madokotala a ana ndi a amayi oyembekezera ku America akhala akuchenjeza kuti nambala yokhayo siingagwiritsidwe ntchito motero. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi minofu yofewa chifukwa cha msinkhu wake, ndipo angapeze malikisi otsika ngakhale sanabanike. Mankhwala amene mayi analandira, matenda ndi zilema zobadwa nazo zimatsitsanso malikisi. Chizindikiro cha khungu chili ndi vuto linanso: mawu akuti pinki ndi buluu anasankhidwa poganizira ana oyera khungu, ndipo pa mwana wakuda woyeza amayenera kuyang'ana milomo, lilime ndi nkhama. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa ana oposa 150,000 obadwira pachipatala cha Parkland ku Dallas, amene anasindikizidwa mu 2001, anapeza kuti malikisi a pa mphindi 5 anali akuthandizabe kudziwa ana amene ali pangozi ya imfa.

Mfundo yaikulu imene ophunzira unamwino ndi uzamba amauzidwa masiku ano ndi yakuti mwana wosapuma sadikira malikisi. Pa ana 10 aliwonse, pafupifupi mmodzi amafunika kuthandizidwa kuti ayambe kupuma, ndipo thandizolo liyenera kuyamba mphindi yoyamba isanathe. Mwana amapukutidwa bwino ndi kufunditsidwa, mzamba amaona ngati akulira, ndipo ngati sakulira amamusisita kumsana, kumutsegulira njira ya mpweya ngati yatsekeka, kenako kumupopera mpweya ndi kathumba kopopera. Malikisi amalembedwa pambuyo pake, monga mbiri ya mmene mwana analili ndi mmene anasinthira. Kumusambitsa, kumuyeza kulemera ndi zina zonse zimadikira. Dongosolo limeneli ndi limene limaphunzitsidwa m'maphunziro a Helping Babies Breathe, amene anayamba mu 2010 ndipo aphunzitsidwa kwa azamba m'mayiko ambiri kuphatikizapo Malawi. M'zipatala zing'onozing'ono mmene mzamba amakhala yekha pa mayi ndi mwana, langizo la Apgar lakuti woyeza akhale munthu wina silitheka nthawi zonse, ndipo mzambayo amayenera kusankha yekha, m'masekondi ochepa, amene ayambe kumuthandiza.

Ntchito yake ku March of Dimes

Pa ana ambirimbiri amene anawaona akubadwa, Apgar anakumana ndi ambiri obadwa ndi zilema, ndipo anafuna kudziwa bwino kawerengedwe ka za kafukufuku kuti amvetse nkhaniyi. Anapita ku Johns Hopkins University kumene mu 1959 analandira digiri ya masitazi pa za umoyo wa anthu. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 50, anachoka ku Columbia n'kulowa bungwe la National Foundation, lodziwika bwino kuti March of Dimes. Bungweli linakhazikitsidwa ndi pulezidenti Franklin D. Roosevelt mu 1938 kuti lilimbane ndi poliyo, ndipo katemera wa poliyo atapezeka linatembenukira ku zilema zobadwa nazo. Apgar anatsogolera gawo loona za zilemazi, kenako gawo la kafukufuku, ndipo pomaliza anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa bungweli pa nkhani zachipatala.

Nthawi imeneyo mabanja ambiri ankabisa ana olumala ndipo nkhaniyi sinkakambidwa poyera. Apgar anayenda m'madera ambiri kulankhula ndi madokotala, makolo ndi achinyamata, pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, kufotokoza kuti zilema zina zingapewedwe ndipo zina zingathandizidwe zikadziwika msanga. Anakokeranso maso a bungwelo ku vuto la ana obadwa masiku asanakwane. Mu 1964 ndi 1965 mliri wa chikuku cha rubella unagwira anthu pafupifupi 12.5 miliyoni ku America, ndipo ana pafupifupi 20,000 anabadwa ndi mavuto monga kusamva, kusaona ndi matenda a mtima chifukwa amayi awo anadwala ali oyembekezera. Apgar anali m'gulu la amene analimbikitsa kuti ana onse azilandira katemera wa rubella, amene anavomerezedwa mu 1969. Analimbikitsanso kuyeza magazi a amayi oyembekezera kuti adziwe za Rh, chifukwa kusagwirizana kwa magazi a mayi ndi a mwana kungaphe mwana kapena kumulumaza.

Mu 1972 anatulutsa buku la makolo lotchedwa Is My Baby All Right?, limene analemba ndi mtolankhani Joan Beck. Ankaphunzitsanso za zilema zobadwa nazo pasukulu ya madokotala ya Cornell University.

Moyo wake kunja kwa ntchito

Apgar sanakwatiwe. Anthu amene anagwira naye ntchito ankamukumbukira kuti ankalankhula ndi kuyenda mofulumira kwambiri, ndiponso kuti m'chikwama chake ankayenda ndi kampeni ndi zipangizo zotsegulira njira ya mpweya, kuopa kuti angapeze munthu akubanika panjira. Ankaimba vayolini kuyambira ali mwana, ndipo atakula anaphunzira kupanga yekha zida zoimbira za zingwe kwa Carleen Hutchins, amene anadziwana naye ali wodwala pachipatalapo. Ankakondanso kuwedza nsomba, kusamalira maluwa, kusewera gofu ndi kusonkhanitsa masitampu, ndipo atapitirira zaka 50 anayamba kuphunzira kuyendetsa ndege.

Imfa ndi ulemu umene analandira

Sanapume pantchito. M'zaka zake zomaliza anadwala matenda a chiwindi, ndipo anamwalira pa 7 Ogasiti 1974 ali ndi zaka 65 pachipatala cha Columbia-Presbyterian, pomwe anaphunzira ndi kugwira ntchito zaka zambiri. Anaikidwa m'manda a Fairview kwawo ku Westfield.

Mu 1973 magazini ya Ladies' Home Journal inamusankha kukhala mkazi wopambana wa chakacho pa za sayansi. Mu 1994 boma la United States linatulutsa sitampu ya masenti 20 yokhala ndi nkhope yake, ndipo mu 1995 dzina lake linalembedwa mu National Women's Hall of Fame ku Seneca Falls, New York. Bungwe la American Academy of Pediatrics limapereka mphoto yotchedwa dzina lake kwa anthu amene achita zazikulu pa chisamaliro cha makanda.